Kodi ndisinthe matayala amene anabwera ndi njinga?

Funso: Akulu, ndangogula njinga yampikisano yatsopano koma anzanga akuti matayala ake ndi otchipa, ndiwachotse. Zoona zimenezi? Sanaperepeseke n'komwe.

Yankho: Anzanuwo sakunama ayi. Makampani ambiri amaika matayala otchipa kuti mtengo wa njinga utsike, labala yake imakhala youma, m'mphepete muli waya wachitsulo ndiye amalemera, ulusi wam'kati nawonso ndi wokhuthala, TPI (chiwerengero cha ulusi pa inchi imodzi) 30 kapena 60, pomwe abwino amapitirira 100 ndipo amapindika chifukwa m'mphepetemo muli Kevlar, ulusi wolimba koma wopepuka, m'malo mwa waya. Mukaika matayala abwino ngati Continental GP5000 mumva nokha kuti kupalasa kwapepuka, komanso pakona njinga ikugwira msewu makamaka kukagwa mvula, ine apa mpamene ndimadera nkhawa kwambiri chifukwa kuterereka pakona uli pa liwiro si zocheza.

Musanagule werengani saizi pambali pa tayala, monga 700x25 (25 ndi mulifupi wa tayala m'mamilimita). Ngati felemu ikulola tengani a mulifupi 28, amafuna mpweya wocheperako ndiye mabampu simuwamva kwambiri, bola tayala lisamakhule felemu kapena mabuleki. Akalewo musataye, sungani ngati sipeya.