Za geni ya zinjinga zamoto zikuluzikulu zochokera ku Joni

Achimwene funso lanu ndaliona, pepani ndachedwa kuyankha ndinali pa mzere wa mafuta kuyambira mmawa foni inathima. Mwati mwasungako kangachepe ku geni yanu ya mafoni ndiye mukufuna kudziwa mmene timachitira pobweretsa njinga zamoto zikuluzikulu zija zoyendera maulendo ataliatali, komwe timagula, kukonza kwake komanso ngati muli phindu. Phindu lilimo, koma silili mmene mukuganiziramo.

Choyamba chotsani mmutu nkhani ya Lifo ndi Boxer. Za kabaza zimayenda ngati mandasi, wabweretsa lero sabata yomweyo yapita chifukwa wogulayo akudziwa kuti imubwezera ndalama tsiku ndi tsiku. Izi ndi zina. Anthu ogula njinga ya 650cc mu Lilongwe muno timachita kudziwana nkhope, azungu a mmabungwe, anyamata ena a mmabanki, mabwana a ku Area 10, 43 ndi 47 amene Lamulungu amafuna kuthamangira ku Salima kapena kutsika ma kona a ku Golomoti aja. Njinga imatha kukhala pakhomo miyezi isanu anthu akungobwera kudzajambulitsa nayo basi. Ngati ndalama mukufuna kuikayo ndi yomwe mumaodera mafoni, kapena ya ku banki mkhonde, isiyeni kaye.

Kogula kulipo kutatu. Ku Japan, zimene zimatsikira pa Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, izo mileji imakhala yochepa koma umagula pa zithunzi ndipo umadikira miyezi, ndiye zambiri zimakhala zoti zakhalitsa osayenda, mu thanki muli dzimbiri. Kwachiwiri ndi azungu oyenda ulendo wa Cairo mpaka Cape Town aja, ena amatopa kapena ndalama kuwathera ali kunyanja nkufuna kuigulitsa konkuno motchipa. Samalani pamenepo, njinga imeneyo inalowa mdziko muno pa carnet kapena TIP, mapepala oilola kukhala kwa kanthawi kochepa chabe, ndiye kuti ndi mlendo, dyuti yake sinalipidwe ndipo mwini wake akakwera ndege mutsala nacho chitsulo chosalembetseka. Ine ndimagula ku Joni, chifukwa ndimatha kuigwira ndi manja ndisanapereke ndalama, komanso ma spare ake ali konko.

Ndimayamba kusaka ndili konkuno pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi AutoTrader, ndimasankha zinayi kapena zisanu kuti ndikafika ndizingozungulira. Depoziti ndili kuno sindituma ngakhale atalumbira bwanji, akamberembere achuluka, amaika chithunzi cha njinga ya eni ake mtengo wotsika nkumati tumizani kaye R3,000 ndikusungireni.

Tsopano mtundu wa njinga, apa ndi pamene ambiri amagwera. Maso amathamangira BMW R1200GS chifukwa ndi imene aliyense amaidziwa, ndipo ndi njinga yabwinodi sindikukana, koma imayendera shaft osati tcheni, ili ndi kompyuta ndi ABS, ikavuta pamafunika kachipangizo kowerengera ma fault, final drive, magiya a pa tayala lakumbuyo aja, ikayamba kutaya oyilo mulira. Ine lamulo langa ndi loti ndimagula njinga imene Lilongwe ingathe kuikonza. Kawasaki KLR650 ndiye bulu weniweni, silinda imodzi, zakalezo zonse mpaka 2018 ndi za kabuleta, thanki yake pafupifupi malita 23 ndiye ku Mzuzu umakafika osada nkhawa kwambiri ndi ma filling station ouma. Vuto lake lodziwika ndi kachitsulo kamene kamakunga tcheni cha balansa mkati mwa injini, eni ake amakatchula doohickey, pa zakale kamathyoka, ndiye funso loyamba kwa wogulitsa ndi loti kanasinthidwa kapena ayi. Suzuki DR650 nayo ndi yosavuta, ilibe ndi radiyeta ya madzi yomwe. V-Strom 650 ndi yabwino kwa munthu wa pa tara. Honda Africa Twin yakale ija XRV750 anthu amaifuna kwambiri koma anasiya kupanga cha mma 2003, ndiye iliyonse mungapeze ndi nkhalamba, yang'anani pampu ya mafuta, rectifier, ndi mano a shaft imene pamakhala sipuloketi yakutsogolo, akadyeka pamenepo ndiye kuti injini yonse itsegulidwe.

Ndikuuzeni mmene ndinakhaulira. Ulendo wanga wachiwiri ndinapeza BMW F650GS ya silinda imodzi ija cha ku East Rand, yoyera bwino, mabokosi ake awiri mmbali, mpando wosang'ambika. Ndinauza mwini wake kuti ndifika 9 koloko, nditafika ndinapeza yatulutsidwa kale panja, anangodina kamodzi yalira bwinobwino ine mtima pansi. Sindinagwire injini kuti ndimve ngati ili yotentha, sindinasuzumire oyilo, ndinangozungulira nayo mu msewu wa mmudzimo nkupereka ndalama. Itafika kuno patangotha sabata makaniko wanga akutsegula kuti asinthe oyilo, zimene zinatuluka zinali ngati tiyi wamkaka. Ma seal a water pump anali atapita, madzi akulowa mu oyilo, ndipo pa njinga imeneyi ndi matenda odziwika kungoti ine sindinkadziwa. Kuyitanitsa ka shaft ndi ma seal sizinali zodula kwenikweni, koma kudikira, kutsuka injini ndi oyilo katatu, kenako nkupeza kuti ma bearing a chiwongolero nawonso anatha, phindu lonse linathera pompo.

Ndiye masiku ano ndimauziratu munthu pa foni kuti musailize ndisanafike, ndipo ndikafika moni ndi moni dzanja langa lili kale pa ekizozi. Ikakhala yofunda ndimati ndibweranso mawa. Injini yozizira siinama, ikamavuta kudzuka, ikamatulutsa utsi wa buluu, ikamalira kuti kwetche kwetche kumtunda, zonse umazimva mphindi yoyamba. Ndimayenda ndi katochi, ndimaunika mu thanki, ndimaunika pansi pa injini ngati pali silikoni wopakapaka. Ndimaikweza tayala lakutsogolo nkukhotetsa mahandulo pang'onopang'ono, akamakakamira pakati ndiye kuti ma bearing. Mapaipi a mashoko akutsogolo ndimapukuta ndi chala, chikanyowa oyilo ndiye ma seal. Tcheni ndimachikoka kumbuyo kwa sipuloketi, chikatuluka mpaka kuona theka la dzino ndiye chatha, ndipo mano akapindika ngati mbedza musinthe zonse pamodzi tcheni ndi masipuloketi awiri. Matayala musangoona mapanga ake, pali manambala anayi mmbali, awiri oyamba ndi sabata awiri otsiriza ndi chaka, 2318 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2018, tayala lotere ngakhale likuoneka latsopano ndi louma lidzakugwetsani pa mvula. Komanso onani timalekezero timene timaimitsa chiwongolero pa felemu, tikakhala tophwanyika kapena towotcherera njingayo inagundapo, mileji ya pa mita musaikhulupirire kwambiri, mapedo ndi magiripu ndiwo amanena zoona.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi mapepala. Nambala ya chasisi ndi ya injini muwerenge nokha pa chitsulo, chilembo chimodzi chimodzi, mufanizire ndi pepala la NaTIS, lomwe ndi ngati blue book ya ku Joni. Pa pepalalo pali owner ndi title holder, pa title holder pakalembedwa banki ndiye kuti ngongole sinathe, njingayo si yake. Pakalembedwa built-up, imene amati code 3, inachitapo ngozi yayikulu nkumangidwanso, mtengo wake uyenera kutsika kwambiri ine ndimangozisiya. Kenako pamafunika police clearance ya konko yotulutsira kunja, ija ya SARPCCO, ndi export permit, apa gwiritsani ejenti ndipo muike masiku angapo pa bajeti yogona ndi kudya. Mnzanga wina njinga yake inakhala pa boda masiku 9 chifukwa wolemba mapepala anaika 8 pamene panali B, basi chilembo chimodzi, iye akulipira pogona ndi posungira.

Kubweretsa kwake ambiri timapatsa ma transipota a kwathu omwe ali ku Joni, imakwera thiraki limodzi ndi mafiriji ndi masofa a anthu, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndiye ife a ku Lilongwe timalowera pa Dedza, a ku Blantyre pa Mwanza. Khalani pompo poikweza. Chotsani magalasi ndi windscreen munyamule nokha, mafuta mukhuthule, batire mumasule, malamba anayi mugule anu ndipo muijambule mbali zonse wa thirakiyo akuona, apo ayi mudzapeza firiji ya munthu yagonera pa thanki ndipo palibe adzavomere. Kuiyendetsa wekha kumathekanso ndinapangapo kamodzi, kukoma kumakoma koma ma TIP, inshuwalansi ya dziko lililonse ndi ma roadblock ndalama yake imafanana ndi ya thiraki, ndiye wadyanso matayala amene ukanagulitsira.

Pa boda a MRA amawerengera dyuti, excise ndi VAT pa mtengo wa njinga kuphatikiza transipoti, ndipo akaona kuti invoice yanu ndi yotsika modabwitsa amaika mtengo wawo. Ndiye zolembetsa invoice yabodza zija sizithandiza, mumangochedwa nazo. Musanagule tumizani chaka, cc ndi mtengo kwa ejenti wa kuno akuwerengereni chifukwa ma rate amasintha ndi bajeti ya boma. Mukakiliyala ndiye ku polisi kukaonetsa manambala kwa a Interpol, kenako ku Road Traffic kulembetsa, COF, inshuwalansi, nambala puleti. Ndimagulitsa njinga ili ndi blue book kale, ogula a mtundu uwu safuna zoyendayenda mmaofesi ndipo amalipira bwino pa chimenecho. Muziwakumbutsanso kuti laisensi ya A1 imathera pa 125cc, izi zimafuna code A.

Nkhani ya forex mukuidziwa kale inu a mafoni. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44% ndinali nditangogulitsa Honda Transalp pa ngongole ya miyezi itatu, mmene munthuyo amamaliza kulipira ndalamayo sinakwanenso kugula njinga ngati yomweyo. Panopa mtengo ndimauwerengera mu rand ya tsiku limene ndikugulitsa osati limene ndinagula, ndipo ngongole ndinasiya, olo akhale achibale.

Ikafika musathamangire kuitsatsa. Iliyonse ndimaichita sevisi yonse, oyilo, mafyuluta, mapulagi, brake fluid, madzi a radiyeta, kuyeza ma valve. Zinthu zimenezi ndimagula ku Joni tsiku lomwelo ndagula njinga, pamodzi ndi mabuleki padi, kebulo ya kilatchi ndi ma seal a mashoko, chifukwa ku Biwi ndi ku Malangalanga mupeza za magalimoto ndi za kabaza zokhazokha, fyuluta ya V-Strom mudzaifuna mpaka nsapato kutha. Oyilo musaike wa galimoto pa njinga imene kilatchi yake imasambira mu oyilo, imayamba kuterereka, yang'anani botolo lolembedwa JASO MA. Makaniko naye musangotenga aliyense, anyamata a pansi pa mtengo ndi akatswiri pa Boxer koma ambiri amamanga mabawuti ndi mphamvu za mmanja, pa injini ya aluminiyamu ma thread amangodyeka. Wanga ndinamugulira torque wrench ndi kumusindikizira manyuwalo yonse, poyamba ankandiseka pano saigwira njinga popanda bukulo.

Chinanso petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, poyendera alibe vuto koma njinga ikangokhala miyezi iwiri osalira amakoka chinyezi, amaumitsa timalabala ndi kutseka ma jet a kabuleta. Ndiye poti katundu wathuyu amakhalitsa, sabata iliyonse ndimailiza nkuyenda nayo mpaka ku Nathenje nkubwerera, apo ayi ndimatseka kampopi ka mafuta nkukhuthula kabuleta. Wa mzigubu wa pa bulaki uja ndiye musayerekeze pa njinga ya injection, pampu yake ikafa mukaitenganso ku Joni. Fumbi la September ndi October nalo, fyuluta ya mpweya muziitsegula pafupipafupi kuposa mmene buku likunenera, tcheni kutsuka ndi palafini nkuthira mafuta ake pa makilomita 500 aliwonse, osati oyilo wakuda wotsala amene amangomata mchenga.

Za phindu, njinga ikakhala yabwino, mapepala oyera, nkugulidwa msanga, imodzi imakupatsa ndalama imene pa mafoni mungaipeze mutagulitsa katoni yonse. Ikakhala ngati F650 yanga ija mumangobweza yanu kapena kuluza kumene. Moti ine chimene chimandidyetsa mwezi ndi mwezi si njinga zenizenizo, ndi matayala, matcheni, mahelemeti, majekete ndi ma spare amene anthu ndinawagulitsa njinga aja amabwera kudzaitanitsa, zimenezo zimakwana mchikwama pa basi ndipo ndalama yake siigona. Kukanakhala kwa ine mukanayambira pamenepo maulendo awiri atatu, mudziwane ndi ogula, kenako KLR kapena DR imodzi, osati GS.

Loweruka mmawa tikutsegula kabuleta ya KLR ina ku galaja cha ku Biwi, inafika sabata yatha ikuthima ikangotenthedwa. Ngati muli ndi mpata bwerani cha mma 8 muone mkati mwake, muvale zakuda chifukwa mugwira nawo sipanala.