Kapeti ya pabalaza ndi mashoti awiri a chilango

Achimwene, mwalemba m'gulu lathu la gofu kuti mukufuna kugula kapeti yoyesererapo kumenya mpira kunyumba, galasi loonera kaimidwe ndi kanjanji kotsogolera putter, ndodo yolowetsera mpira m'dzenje. Musanatumize ndalama ya zimenezi, ndiloleni ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa pongowerenga mndandanda wanuwo mtima wanga wawawa ngati zachitika dzulo. Zinthu zitatu zomwezo ndinazigula ine, zonse tsiku limodzi, kwa bambo wina amene amadzitcha mphunzitsi wa gofu ndipo amabwera ndi katundu kuchokera ku Johannesburg. Dzina lake sinditchula, popeza ena mwa inu mumacheza naye, koma akawerenga adzizindikira yekha. Munali mu Meyi 2024, patangodutsa miyezi yochepa kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho chilichonse chogulidwa ndi marandi chinkalasa m'thumba, ndipo ndalama imene ndinamupatsa inali yoti ikanagula matumba angapo a feteleza.

Bamboyu anandiyang'ana ndikumenya mipira itatu yokha pa green (malo a kapinga wosalala pamene pali dzenje) yoyesererapo, kenaka anapukusa mutu n'kunena kuti putter yanga ikuyenda mokhota ndipo iyenera kupita m'mbuyo ndi kutsogolo molunjika ngati sitima pa njanji. Sanaigwire putter imeneyo ngakhale kamodzi. Akanaiika pa chala chake n'kuisiya kuti idekhe, akanaona kuti nsonga ya mutu wake ikuloza pansi, chifukwa ndi ya mtundu wa Anser umene Karsten Solheim wa kampani ya Ping anaupanga mu 1966, ndipo putter zotere zimayenderana ndi munthu amene kamenyedwe kake kamazungulira pang'ono. Zimene zimayenderana ndi kamenyedwe kolunjika ndi zija zimene nkhope yake imayang'ana kumwamba ukaziika pa chala. Mwachidule, anandigulitsa kanjanji kolimbana ndi ndodo yanga yomwe, ndipo kwa miyezi isanu manja anga ankakakamiza chitsulo kuchita chimene sichinapangidwire.

Koma chimene chinandiwononga kwambiri ndi kapeti. Inali ya mamita atatu, yokhala ndi kachitunda kumapeto kwake, pamene pali dzenje ndi kanjira kobwezera mpira kumapazi. Ndinaiyala pabalaza ndipo usiku uliwonse wa nyengo yozizira, ana atagona, ndinkamenya mpaka nditalowetsa mipira 50 motsatizana, mayi a kunyumba akudandaula kuti kugogoda kwa mpira kukuwasowetsa tulo. Ndinkadziona ngati katswiri. Sindinadziwe kuti ndikuphunzira mabodza awiri nthawi imodzi. Loyamba linali la kachitunda kaja, chifukwa kuti mpira ukwere pamenepo umayenera kumenyedwa mwamphamvu kuposa mmene umafunikira pamalo afulati, ndiye dzanja linazolowera kukankha. Lachiwiri ndinalitulukira mochedwa, pamene mmisiri amene anabwera kudzakonza chitseko anaika levulo yake pansi n'kundionetsa kuti simenti ya pabalaza panga inapendekera kumanzere, cha kukhomo. Ndiye kuti mpira uliwonse umene unkalowa, ndinkautumiza kumanja pang'ono mosadziwa, simenti n'kumaubweza m'dzenje.

Mwina wina anganene kuti kupendekera kochepa chotero sikungasinthe kanthu, koma tawerengerani nokha. Dzenje la gofu ndi lotambalala mamilimita 108, ndiye kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi mamilimita 54. Nkhope ya putter ikatseguka ndi digiri imodzi yokha, pofika mamita atatu mpira umakhala utapatuka ndi mamilimita pafupifupi 52, kutanthauza kuti wafika kale pa mlomo wa dzenje, ndipo ngati ukuthamanga umangonyambita n'kutuluka. Digiri imodzi diso silingaione. Ine ndinali nditaikhomerera m'manja mwanga usiku ndi usiku, nditalipiranso ndalama kuti nditero.

Tsiku la tsoka linafika mu Okutobala, pa mpikisano wa pamwezi wa kukalabu kwathu, wowerengera mashoti onse, pamene wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Mukudziwa mmene dzuwa la mwezi umenewo limawotchera komanso mmene ma green amaumira n'kuyamba kuthamanga. Kuchokera pa tee, pamene mpira umayambira, kufika pa green ndinasewera bwino kuposa tsiku lina lililonse m'chaka chimenecho, koma putt (kumenya mpira pa green kulozera dzenje) iliyonse inkadutsa kumanja kwa dzenje ikuthamanga ngati yachedwa basi. Titamaliza dzenje la 9 tinapeza gulu la patsogolo lisanachoke pa tee, ndipo ine, mutu utatentha, ndinatsegula chikwama n'kutulutsa galasi lija kuti ndione ngati maso anga ali pamwamba pa mpira. Mphunzitsi uja anali atandiuza ndi pakamwa pake kuti pakati pa maenje awiri munthu ali ndi ufulu woyeserera mmene angafunire. Caddie wanga, mnyamata wondinyamulira ndodo, anatsokomola, kenaka ananong'ona kuti, “Bwana, bwezani chimenecho m'chikwama,” koma ine ndinamuyankha mwaukali kuti ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndinaliika pansi pambali pa green imene tinali titangomaliza, ndinaponda bwinobwino, n'kumenya mipira iwiri.

Mkulu amene ankalemba khadi langa, bambo wachikulire wofatsa amene wasewera gofu zaka zambiri kuposa zanga zobadwa, anandiyang'ana mpaka nditamaliza. Kenaka anavula chipewa, anapukuta thukuta, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Pepani bambo, kuyeserera putt pano n'kololedwa, koma chimene mwaika pansicho n'choletsedwa masewera ali mkati, ndipo ndiyenera kukulemberani mashoti awiri.” Ankanena zoona. Lamulo 4.3 la malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, limaletsa kugwiritsa ntchito chida chophunzirira pa nthawi ya masewera ngati chikukuthandiza kaimidwe, kulunjika kapena kagwiridwe, ndipo ukalakwira koyamba ndi mashoti awiri, ukabwereza umachotsedwa mu mpikisano. Mphunzitsi wanga anandiuza theka la lamulo, theka limene linkamuthandiza kugulitsa galasi. Manyazi amene ndinamva pamenepo, makamaka poona caddie wanga akuyang'ana kumbali kuti asandichititse manyazi ena, sindingawafotokoze.

Ngakhale zinali choncho, ndinafika pa dzenje la 18 ndikadali ndi mwayi wa mphoto m'gulu la handicap yathu, ndiko kuti osewera a luso lofanana ndi langa. Green imeneyo ili moyang'anizana ndi khonde la kalabu, ndipo anthu amene anamaliza kale anali atakhala pamenepo ndi zakumwa zawo, aliyense maso ali pa ife. Mpira wanga unali pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, kumtunda kwa dzenje, ndipo kapinga wa pakati pa mpira ndi dzenje ankanyezimira, chizindikiro chakuti wagona cholowera komweko ndipo mpira uthamanga. Caddie anagwada kumbuyo kwa mpira, anadzuka, n'kunena kuti, “Ingoukhudzani bwana, utsika wokha.” Ndinamva ndithu, ndinavomera ndi mutu, koma pamene ndinaweramira mpira, manja anakumbukira kachitunda ka pabalaza. Ndinaumenya monga ndinkachitira usiku uliwonse. Unadutsa kumanja osakhudza ngakhale mlomo wa dzenje, unatsetsereka, n'kukaima patali kuposa pamene unachokera. Pakhonde panangoti zii, ndipo chete ameneyo anandipweteka kuposa kuseka. Putt yobwerera, yokwera mtunda, ndinaiopa ndipo inaima panjira. Yachitatu, yosakwana mita, inazungulira mlomo wa dzenje kumanja n'kutuluka, ndipo ndinamva munthu wina pakhonde akuti “Ogo!” Ndinalowetsa yachinayi manja akunjenjemera. Mphoto inandiphonya ndi mashoti atatu, ndipo posaina khadi cholembera chinkaterereka ndi thukuta.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero si kuluza, chifukwa tonse m'gulu lino tinaluzapo. Ndi yankho la bambo uja. Nditamupeza pamalo oimika magalimoto n'kumufotokozera zonse, sanapepese ngakhale pang'ono. Anaseka, anandisisita paphewa, n'kunena kuti vuto langa ndi lakuti sindinagule kachipangizo ka laser komangirira pa putter, ndipo anali nako m'galimoto ngati ndikufuna. Za chilango chija anati mkulu wolemba khadi anangondichitira nkhanza. Munthu wosadziwa lamulo limene caddie wachinyamata akulidziwa akulandira ndalama za anthu monga mphunzitsi! Ndinamvanso kuti anagulitsa putter yaitali kwa mkulu wina n'kumulangiza kuti aziitsamiritsa pamimba, pamene kutsamiritsa ndodo pathupi kunaletsedwa kuyambira pa 1 Januwale 2016. Putter yaitaliyo payokha si yoletsedwa, koma kagwiritsidwe ntchito kamene iye anaphunzitsa ndi kamene kali kolakwa. Anthu otere amadyera pa manyazi athu, chifukwa amadziwa kuti munthu amene wamenya ma putt anayi pamaso pa anzake amakhala wokonzeka kugula chilichonse.

Zimene zinandichiritsa sizinandidyere ndalama. Ndinapepesa kwa caddie wanga n'kumupempha kuti tizikumana m'mawa pa green yoyesererapo. Iye anazika ma tee awiri (timitengo toikapo mpira) pansi, motalikirana pang'ono chabe kuposa mutu wa putter, kuti ndizidutsitsa mutuwo pakati osagunda, ndipo iyi ndi njira yomwe Tiger Woods amadziwika nayo poyeserera. Patsogolo pang'ono anazikanso ena awiri ongokwana mpira, umene ndi wotambalala mamilimita pafupifupi 43, ndipo pomwepo bodza la kumanja lija linaonekera poyera, chifukwa mpira unkagunda tee ya kumanja pafupifupi nthawi iliyonse. Ndinabwereka chingwe cha choko kwa mmisiri uja, tinapempha chilolezo kwa wosamalira bwalo, tinapeza malo afulati ndi levulo, n'kulemba mzere wowongoka wa mamita awiri. Pa za mphamvu, tinkazika tee kuseri kwa dzenje pa mtunda wa masentimita 43, umene ndi mainchesi 17 amene Dave Pelz, mphunzitsi wa ku America amene anagwirapo ntchito ku NASA, ankalimbikitsa, ndipo mpira wophonya unkayenera kuima usanadutse tee imeneyo. Ena amati mtunda umenewu ndi wochuluka pa green yothamanga, ndipo ine ndikugwirizana nawo pa putt yotsika, koma unandipatsa malire amene kapeti sinandipatse.

Palinso chinthu chimene chida chilichonse cha m'sitolo sichingakuphunzitseni, ndicho kagonedwe ka kapinga. Udzu ukamaoneka wonyezimira kuchokera pamene mwaima, wagona chokuthawani ndipo mpira uthamanga, koma ukamaoneka wobiriwira moderako, wagona chokuyang'anani ndipo mpira uchedwa. Mukayang'ana mlomo wa dzenje, mbali imene yaphwanyika ndi kuuma nthawi zambiri ndi kumene udzu ukulowera. Ma caddie athu amaziona zimenezi tsiku ndi tsiku, mu Okutobala pouma ndiponso mu Febuluwale udzu utakula ndi mvula, ndipo ndalama yochepa imene mungamupatse mmodzi wa iwo pa ola limodzi la m'mawa idzakubwezerani zambiri kuposa bokosi lochokera kunja. Musadzizunzenso ndi chiyembekezo chopitirira muyeso, chifukwa ngakhale akatswiri a PGA Tour, mipikisano yaikulu ya gofu ya ku America, amalowetsa pafupifupi theka lokha la ma putt a mafiti 8, omwe ndi mamita 2.4. Ine ndi mipira yanga 50 yotsatizana ndinkaganiza kuti ndawaposa.

Tsopano, nditanena zonsezi, galasilo gulani. Ndikudziwa kuti ndi lomwe linandilembetsa mashoti awiri, koma mlandu unali wa munthu, osati wa galasi, ndipo pa zinthu zitatu zija ndi lokhalo limene limanena zoona, chifukwa limakuonetsani pamene pali maso anu, mmene mapewa aimira ndiponso kumene nkhope ya putter ikuloza. Lisalowe m'chikwama pa tsiku la mpikisano, lizitsala m'galimoto, kuti mutu ukatentha musakhale ndi choti mutulutse. Kulemba mzere pa mpira wanu kuti muzilozera nawo n'kololedwa ngakhale pa mpikisano, ndiye phunzirani kuugwiritsa ntchito pamodzi ndi galasilo. Kanjanjiko musagule musanaike putter yanu pa chala n'kuona kumene nsonga yake ikuloza. Ponena za kapeti, ndikanakonda kukuuzani kuti muitaye kutali, koma ndinganame, popeza yanga ndikadali nayo ndipo nyengo ya mvula, pamene bwalo ladzaza madzi, ndimaiyala ndithu. Kachitunda kaja ndinakachotsa, ndimayamba ndaika levulo pansi, ndipo sindimenya cholinga dzenje koma cholinga ndalama yachitsulo, mbali zonse ziwiri, kuti simenti ikandikondera popita indilange pobwera. Ngati mugula, sankhani yafulati yopanda chobwezera mpira, ngakhale kuti kuweramira mpira nthawi iliyonse kumatopetsa msana. Kanjanji kanga kali m'galaja pamwamba pa matayala akale, ndipo ngati putter yanu ndi ya nkhope yoyang'ana kumwamba, ndilembereni ku inbox mudzakatenge kwaulere.