Mukupita kukatumikira ku Niassa? Konzekerani mjigo ndi maliro

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene mpingo wake ukumutumiza ku Niassa, m'dziko la Mozambique, kwa zaka ziwiri. Akufunsa kuti tsiku la mmishonale limayenda bwanji, komanso ngati ntchito zothandiza mudzi sizidzamudyera nthawi yolalikira. Achimwene, funso lachiwirilo landikhudza kwambiri, chifukwa ndalimva kwa achinyamata ambiri amtima wabwino, ndipo nthawi zonse limandiwawa.

Ine ndinatumikira m'mudzi wina pakati pa Mandimba ndi Lichinga. Kuchokera ku Mangochi si kutali. Mukawoloka malire pa Chiponde n'kukwera chapa (minibasi yakumeneko), basi mwafika kwa eni, kumene ndalama ndi metikashi ndipo ku ofesi ya boma akufuna Chipwitikizi. Anthu a m'mudzimo ambiri ndi Ayao, Asilamu. Chondidzutsa chinali azana ya kumzikiti kukadali mdima. Ndikapemphera ndi kuwerenga Baibulo, ndinkamangirira zigubu panjinga kupita kumjigo. Pobwera ndinkakhala pakhonde ndi agogo ena amene ankandiphunzitsa Chiyao, masana ndinkaphunzitsa akuluakulu kuwerenga, madzulo mpira ndi anyamata. Ulaliki wa paguwa unali wa Lamulungu lokha, kwa kagulu kokwana pamphasa ziwiri.

Tsiku lina mjigo unasiya kutulutsa madzi. Unali wa Afridev, womwe uja timaudziwa kumudzi kwathu. Tinazula ndodo zachitsulo imodzimodzi mpaka tinapeza kalabala kakumunsi katadyeka. Amene anagwira sipanala anali mwana wa shehe, ine manja ali dzimbiri lokhalokha, amayi atatizungulira ndi ndowa zopanda kanthu. Kenaka kunadza kolera, imene inayamba m'boma la Lago mu September 2022 n'kufalikira m'chigawo cha Niassa. Tinayenda khomo ndi khomo ndi botolo la Certeza, mankhwala opha tizilombo m'madzi, kuonetsa kathiridwe kake m'madzi akumwa ndi kasakanizidwe ka madzi a mchere ndi shuga. Ena anatikayikira, n'kufuna kuti tiyambe tamwa ife. Tinamwa.

Maliro nawo ndiye osanena. Asilamu sachedwa kuika, choncho uthenga ukamveka mumangotenga khasu. Tsiku lina titachoka kumanda, ndikusamba m'manja, bambo wina wachikulire anandifunsa kuti buku langa limati chiyani za munthu akafa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Bamboyo sanatembenuke, ndipo sindinakumbe manda aja kuti atembenuke. Koma funso lotere safunsa mlendo amene sanamuonepo pamaliro.

Apa ndinene mosabisa. Kukonza mjigo si nyambo yapambedza ayi. Mukathandiza munthu n'cholinga choti abwere kutchalitchi, amadziwa, ndipo ali ndi chifukwa chokukayikirani. Madziwo amwe chifukwa ndi munthu wolengedwa ndi Mulungu, kaya alowa mpingo kaya salowa. Mtima umandipweteka ndi magulu obwera sabata ziwiri atavala malaya ofanana, kujambula ana a eni ake osapempha makolo, n'kuika pa Facebook kuti mudzi wagwedezeka. Akachoka, otsala m'mudzimo ndiwo amayankha mafunso a malonjezo amene anasiyidwa. Umenewo si utumiki, ndipo ndikukupemphani kuti musadzachite nawo.

Musaganizenso kuti umishonale ndi wa azungu okha. Leonard Kamungu, wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, wansembe wa Anglican, anapita ku Msoro kum'mawa kwa Zambia ndipo anamwalirira komweko mu 1913. David Kaunda anatumizidwa kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chinsali pakati pa Abemba, ndipo ntchito yake inali sukulu ndi ulaliki pamodzi. Mwana wake Kenneth anabadwira ku Lubwa mu 1924. Anthuwa anaphunzira kukhala ndi eni dera. Inunso, pokhala wakuda mnzawo, sadzakuyang'anani ngati thumba la ndalama, ndipo umenewo ndi mwayi waukulu.

Chimene sakuuzani pokupemphererani kutsogolo kwa mpingo ndi kusungulumwa. Lamulungu masana kumapweteka. Mumakumbukira kwaya yakwanu, nsima ya amayi, ndipo chithandizo chimene anthu analonjeza ndi misozi chimayamba kuchedwa. Mwezi wina ndinadya chinangwa ndi chigwada cha kwa aneba, Asilamu omwewo, ndipo pa Ramazani ankandiitana kukadya nawo dzuwa likalowa. Kulandira thandizo kwa anthu amene munabwera kudzawathandiza kumatsitsa mtima, ndipo n'kofunika.

Tsono munyamule chiyani?

Pasipoti, ndipo mpingo wokulandirani ukonze za chilolezo chokhalira, chimene amati DIRE, musananyamuke. Neti ya udzudzu. Juzi yokhuthala, chifukwa Lichinga ili pamwamba ndipo mu June kumazizira zedi. Yambani Chiyao ndi Chipwitikizi panopa, ngakhale moni yekha. Gwirizanani ndi abusa anu polemba kuti ndalama izibwera liti ndiponso kudzera kwa yani. Mukafika, kaonekereni kwa amfumu ndi kwa shehe musanaitanitse msonkhano uliwonse, ndipo miyezi yoyambirira foni yojambulira ikhale m'thumba.