Musanasasule denga, alembereni a inshuwalansi kaye

Asisi a ku Area 49, mukuti mukufuna kusintha denga lonse, kuwonjezera chipinda chimodzi kumbuyo ndi kuika matailosi, ndiye mukufunsa ngati nkofunika kuwauza a inshuwalansi kapena mungoyamba ntchito. Za matailosi ndi za mmisiri wabwino ena ayankha kale, ine ndiyankha za inshuwalansi zokha chifukwa ndi zimene zinandiluma ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa. Auzeni asisi. Ndipo osati pafoni ayi, alembereni imelo kapena kalata, iwonso akuyankheni molemba, musanazule msomali ngakhale umodzi.

Ine nyumba yanga ili ku Area 25. Mu 2022 ndinaganiza zochotsa malata akale amene anali atachita dzimbiri nkuikapo a IBR, komanso kukweza khoma ndi mizere iwiri ya njerwa kuti m'nyumba muzizizirako. Inshuwalansi ndinali nayo, zaka 6 ndikulipira osadumphitsa, za moto, mphepo, mvula yamkuntho, madzi osefukira zonse zinalembedwamo, ndiye m'mutu mwanga ndinkangoti kaya kubwere chani ndine wotetezeka. Mmisiri anati bwana masiku anayi okha denga latsopano likhala lili pamwamba. Tinasasula kumapeto kwa October dzuwa likuswa mtengo, matabwa amene tinaitanitsa anachedwa, masiku anayi aja anasanduka masabata awiri, banja tikugona ku boys quarter katundu wambiri tamusiya m'nyumba yaikulu titamuunjika pakona. Usiku wina chizimalupsa chinangofika ndi chimphepo chake, pulasitiki wakuda amene tinaphimba pamwamba uja tinakamupeza kwa aneba m'mawa. Siling'i ya pabalaza ndi ya zipinda ziwiri yonse ili pansi, masofa ndi matiresi zamwa madzi, wadiropu yafufuma zitseko osatsekekanso, penti wamatuka, madzi alowa mpaka m'mapaipi a mawaya a magetsi.

Ndinapita ku ofesi yawo mtima uli m'malo. Anatumiza assessor, munthu wawo wodzaona zimene zaonongeka, bambo aulemu ndithu, anazungulira nyumba, kujambula zithunzi, kenako anandifunsa kuti kodi dengali yachotsa ndi mphepo kapena achotsa ndi anthu? Ndinati amisiri. Nanga munatidziwitsa kuti mukusasula? Ndinati ayi. Sananenenso zambiri. Patatha masabata atatu kalata inabwera, claim yanga, pempho lakuti andilipire, yakanidwa. Ndinawononga pafupifupi K4 miliyoni ya nthawi imeneyo kukonza zinthu zimene sizinali mu bajeti, ndalama ya fizi ya ana inalowa momwemo. Kampaniyo sinditchula, chifukwa nditakhala pansi nkuwerenga policy yanga, chikalata cha mgwirizano wa inshuwalansi, tsamba ndi tsamba mawuwo analimodi, ine ndi amene ndinkangowerenga tsamba loyamba lokhala ndi dzina langa ndi ndalama.

Nkhani yake ndi iyi. Iwo pokuwerengerani premium, ndalama imene mumawalipira, amatengera nyumba imene munawauza, yofolera, yokhala ndi zitseko ndi mabagalabazi, mukugona anthu usiku uliwonse. Tsiku limene mwasasula denga, kapena mwaboola khoma lakumbuyo kuti mulumikize chipinda chatsopano, imeneyo sinyumba ijanso, mvula ikulowa mosavuta, wakuba akulowa mosavuta, pali anthu achilendo khumi akuzungulira, wina akuwotcherera zitsulo pafupi ndi matabwa. Mu policy mumakhala chiganizo chakuti ngati chinthu chasintha moti ngozi yakula muyenera kuwadziwitsa, mukapanda kutero ali ndi mphamvu yokana kulipira. Ndipo sakufunika kukangana nanu, amangokuonetsani chiganizocho basi.

Ndiye mu imelo yanuyo lembani zonse osabisa, kuti ntchito ndi yotani, iyamba liti, itha liti, ya ndalama zingati, akugwira ndani, komanso ngati mukhalamo kapena musamuka. Za kusamukazi musazione pang'ono. Ma policy ambiri a nyumba amati ikakhala yopanda munthu masiku 30 otsatizana, ena amalemba 60, zina monga kuba sizitetezedwanso, ndipo mlonda wogona panja pageti ena samuwerengera ngati munthu wokhala m'nyumba. Yang'anani yanuyo ikuti bwanji. Akavomera amakupatsani pepala lowonjezera, amalitcha endorsement, limenelo ndiye chishango chanu, osati mawu a munthu wa pa kauntala akuti aaa mayi palibe vuto pitirizani. Munthu ameneyo mawa asamuka kupita kampani ina, inu mutsala ndi mawu opanda umboni.

Ulendo wachiwiri mu 2024 pamene ndinkawonjezera khichini ndinadzera kwa broker, mkhalapakati wa inu ndi kampani ya inshuwalansi, ndipo ndimalimbikitsa aliyense kutero. Broker amadya komishoni yake ku kampani, inu simuonjezera kanthu kooneka, koma amadziwa mafunso ofunsa ndipo pa nthawi ya claim amakuthamangirani. Anandipezera endorsement ya miyezi itatu, ndinaonjezera ndalama yosafika K100,000, panopa mwina yakwera koma poyerekeza ndi K4 miliyoni ija ndi yochepa zedi. Ingoonetsetsani kuti broker kapena kampaniyo ili ndi laisensi ya ku Reserve Bank of Malawi, iwo ndi amene amayang'anira za inshuwalansi m'dziko muno ndipo mukasemphana ndi kampani madandaulo amapita komweko.

Chinanso chimene broker uja ananditsegula maso, policy ya nyumba imateteza nyumba yakale imene ilipo, chipinda chatsopano chimene chikumangidwa ndi simenti, malata, zitsulo zimene zaunjikidwa pabwalo sizilimo. Zimenezo zili ndi inshuwalansi yakeyake, amati Contractors All Risks. Ngati mwalemba contractor weniweni wolembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomanga mufunseni akuonetseni pepala lake, muone madeti, muonenso ngati muli mbali yolipira anthu ena akaonongeredwa, monga khoma likagwera galimoto ya aneba kapena lata likauluka nkukadula mwana wodutsa mumsewu. Koma tinene zoona, ambiri a ife timalemba amisiri a m'dera, bambo wodziwa ntchito ndi anyamata ake atatu, alibe pepala lililonse. Pamenepo udindo wonse uli pa inu mwini nyumba, ndiye funsani kuti mugule nokha ya miyezi imene ntchito ikhalepo. Mufunsenso za amisiri akavulala. Kwa ine mnyamata wina anaterereka pa makwerero nkuthyoka dzanja, mmisiri wamkulu analibe ngakhale ya minibasi, amene ndinathamanga naye kuchipatala ndi ine, amene ndinamudyetsa miyezi iwiri ali m'chikhakha ndi ine, achibale ake ankagogoda pageti panga osati kwa mmisiri. Akanagwa kuchokera padenga penipeni bwenzi tikukamba zina.

Za kuba nazonso samalani. Inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba nthawi zambiri imalipira ngati wakuba wathyola polowa, loko waphwanyidwa, bagalaba yadulidwa, ndipo amafuna lipoti la apolisi. Koma zimene zimasowa nthawi yomanga zimasowa popanda chothyoka, matumba a simenti awiri lero atatu mawa, waya wa magetsi mpukutu wathunthu, foni imene munasiya pa tchaja. Zimenezo musayembekeze kuti wina akubwezerani. TV, laputopu, ziwiya zodula kasiyeni kwa achibale kapena muzitsekere m'chipinda chimodzi kiyi akhale ndi inu, simenti muziwerenga madzulo aliwonse pamaso pa mmisiri wamkulu.

Tsopano chimene anthu ambiri amaiwala ntchito ikatha, kukweza mtengo wa nyumba pa policy. Apa mpamene pali msampha wina waukulu. Mtengo umene umalembedwa si umene munagulira nyumbayo, sinso wa poloti, ndi ndalama imene ingafunike kuti muimangenso lero itapsa yonse. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, inagwanso ndi 44% mu November 2023, simenti ndi malata mukudziwa nokha mmene zathamangira, koma alipo anthu policy yawo ikadali ndi nambala ya 2019. Tiyerekeze kumanganso nyumba yanu ndi chipinda chatsopanocho kukufunika K80 miliyoni koma inu munalembetsa K40 miliyoni. Moto waononga khichini, zokonza zakwana K10 miliyoni. Inu muziti poti 10 ndi yochepa kuposa 40 andipatsa yonse, ayi ndithu, iwo amati munateteza theka la nyumba ndiye tikupatsani theka, K5 miliyoni, achotsenso excess, kandalama kamene mumayamba mwalipira nokha pa claim iliyonse. Amaitcha average. Ndiye ntchito ikangotha pezani valuer kapena quantity surveyor akuuzeni mtengo womangira wa lero, mupite nawo akasinthe. Premium ikwera inde, koma kulipira yochepa pa nambala yabodza nkungotaya ndalama pang'onopang'ono.

Ngati nyumbayo munagula pa ngongole ya banki, nawonso auzeni, nthawi zambiri inshuwalansi imakhala yodzera kwa iwo ndipo dzina lawo lili pa policy. Pulani ya chipinda chowonjezeracho ipite ku Lilongwe City Council ikadindidwe, ndikudziwa anthu amati zimachedwa koma simukufuna assessor adzakufunseni za chipinda chimene pa mapepala kulibe. Magetsinso agwire munthu wokhala ndi satifiketi ya MERA ndipo pepala lake musunge, moto wa m'nyumba zokonzedwa kumene ukhoza kuyambira pa waya wolumikizidwa mwachidule m'siling'i ndi mnyamata amene anangoonerera kwa amalume ake.

Ndaona ena ayankha kuti inshuwalansi ndi kuba basi musavutike nayo, ena akuti musawauze adzakukwezerani. Abale, malangizo amenewo ndi amene ine ndinatsatira osadziwa ndipo ndakuuzani mmene zinathera. Amene akunena zimenezo mvula ikadzalowa m'nyumba mwa asisiwa sadzasonkha ngakhale thumba limodzi la simenti.

Jambulani zithunzi za chipinda chilichonse ntchito isanayambe, ndi makoma a mpanda wa aneba omwe ngati ali pafupi, kuti ming'alu yakale isadzakhale yanu. Ma lisiti onse a ku hardware muziwajambulanso pafoni tsiku lomwelo chifukwa inki yake imafufutika pakangotha miyezi iwiri. Pogula malata, kaya ku Malangalanga kaya ku Kanengo, pitani nokha kapena tumani munthu wanu muone geji ndi maso, mukatuma mmisiri yekha mukhoza kulipira malata a geji 28 nkulandira a geji 30 kapena 32 opyapyala. Ndipo denga musasasule matabwa, malata, misomali ndi ma ridge zonse zisanafike pamalopo, komanso musalole asasule nyumba yonse kamodzi, achite mbali imodzi afolere, kenako inayo. Ngati pofika pakati pa September simunayambe, asisi dikirani mvula ithe mudzayambe mu May, matailosi ndi penti mukhoza kumapanga m'kati nthawi ya dzinja koma pamwamba musakhudze.