Bata Bullets ndi Wanderers, palibenso ena

Achimwene, matimu akale a mpira amene kulimbana kwawo ndimakusowa ndi Bata Bullets ndi Wanderers basi, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, Wanderers (Manoma) ikutchedwa Yamaha kenako Limbe Leaf. Uku Kinnah Phiri wa Bullets akusaka zigoli, uko Jack Chamangwana wa Wanderers atatseka kumbuyo. Kamuzu Stadium inkadzaza dzuwa lisanafike paliwombo. Ife opanda ndalama yolowera tinkaunjikana pa wailesi ya MBC, mabatire titawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asatithere mpira uli mkati. Maule (Bullets) akagonja, bambo anga nsima sinkalowa.

Admarc Tigers nayonso inkavuta ndithu, koma sinkagawanitsa anthu a m'nyumba imodzi ngati awiriwa.

Mukafuna zigoli ndi madeti enieni, funsani atolankhani akale a zamasewero, chifukwa ife ochemerera timakometsera nkhani.