Nyenje zomwe zimakhala pansi zaka 17

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Mwana wanga wa ku America akuti kumeneko kuli nyenje zotuluka kamodzi pa zaka 17. Si bodza limeneli? Nanga zimawerenga bwanji zaka?"

Mayi, mwana wanu sananame. Nyenje zimenezi ndi za gulu lotchedwa Magicicada, ndipo zimapezeka kum'mawa kwa North America kokha. Zilipo mitundu isanu ndi iwiri. Itatu imatuluka pakatha zaka 17, inayi pakatha zaka 13. Thupi ndi lakuda, maso ofiira psuu, mosiyana ndi nyenje zathu zija zotisokosa m'nyengo ya dzuwa la Okutobala.

Moyo wake wonse pafupifupi ndi wa m'nthaka. Yaikazi imacheka kanthambi nkuikiramo mazira. Akaswa, tiana timagwera pansi, kukumba, nkuyamba kuyamwa madzi a m'mizu ya mitengo. Chaka chotulukira chikakwana, zimadikira kuti nthaka ifunde kufika pa madigiri 18, kenako zimabulika zonse, kufundula, zamphongo nkuyamba kuimba. Pakangotha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi zonse zafa.

Za kuwerenga zaka ndiye pondisangalatsa ine. Zikuoneka kuti kalendala yawo ndi mtengo womwewo. Mtengo ukaphuka, madzi a m'mizu amasintha, ndipo nyenje imamva kuti chaka chatha. Katswiri wa sayansi Richard Karban ndi anzake anachititsa mitengo ya mapichesi kuphuka maluwa kawiri m'chaka chimodzi, nyenje za m'mizu yake nkutuluka chaka chimodzi nthawi isanakwane. Zinapusitsika!

Nanga kutulukiranji pamodzi? Kumbukirani ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Mbalame, achule ndi ife tomwe timatola mpaka kutopa, koma zambiri zimapulumukabe. Nyenjezi ndi zopusa pothawa, ngakhale mwana amangozitola ndi manja, choncho chitetezo chawo ndi kuchuluka basi.

Komatu sizituluka dziko lonse chaka chimodzi. Zili m'magulu 15, lililonse ndi dera lake ndi chaka chake. Gulu lotchedwa Brood X linadzaza mzinda wa Washington mu 2021 ndipo lidzabweranso mu 2038. Mu 2024 gulu la zaka 13 ndi lina la zaka 17 anatuluka chaka chimodzi m'boma la Illinois, zomwe awiriwa anachita komaliza mu 1803. Mufunseni mwanayo boma lomwe akukhala, tidziwe chaka choti adzatseke makutu.