Mafunso Anu: Mwana Akubwera Kudzaphunzira ku Harare

Funso: Akonzi, mwana wa achimwene anga, wa ku Zomba, akubwera kudzaphunzira semesita imodzi ku University of Zimbabwe. Ine ndimakhala ku Mufakose. Kodi adzikhala nane kapena apeze malo pafupi ndi sukulu? Nanga poti Chishona sachidziwa, sadzavutika? Ndine Azakhali a ku Mufakose.

Yankho: Azakhali, mtima wanu tikuumva, koma mwanayo akhale pafupi ndi sukulu, kwanu adzibwera Loweruka. Yunivesite ili ku Mount Pleasant, kumpoto kwa mzinda, ndipo wochokera ku Mufakose amakwera maminibasi (kombi) awiri, ina yofika m'tauni, inzake yopita kusukulu. M'mawa kuchuluka kwa magalimoto kumamudyera kalasi yoyamba, madzulo amatuluka mu laibulale anzake asanayambe zokambirana. Malo ogona a pasukulu amatha msanga, choncho apemphe chipinda tsiku lomwe kalata yomulandira yafika. Akalephera, afune nyumba yogawana ndi anzake ku Mount Pleasant konko, ndipo asanalipire afunse zinthu ziwiri: ngati pali chitsime cha mjigo kapena thanki, popeza madzi a m'mipopi amasowa masiku angapo, komanso amene amagula mayunitsi a magetsi a ZESA.

Za mapepala, musadalire kuti Mmalawi amalowa Zimbabwe popanda viza. Chidindo cha pa chipata cholowera ku Zimbabwe cha Nyamapanda n'cha mlendo wodzacheza. Wophunzira amafunika chilolezo chake cha ku imigireshoni, ndipo ofesi yoona za ophunzira akunja pasukulupo ndiyo imamuuza zikalata zoti akonze. Ayambe zimenezi asananyamuke. Basi yodzera ku Mwanza ndi Tete imadutsa zipata zinayi, ndiye pasipoti ikhale m'thumba la pachifuwa, osati pansi pa katundu. Akafika pa depoti ya mabasi ya Roadport mukamuchingamire.

Ndalama adze nazo madola a ku America, ang'onoang'ono ndiponso osang'ambika. Ndalama ya kuno ya ZiG inayamba mu Epulo 2024, koma kondakitala kapena mayi wogulitsa masamba ku Mbare Musika akapatsidwa $20 sadzapeza chenji. Agule laini ya Econet atsegule EcoCash yotumizira ndalama pafoni. Juzi lokhuthala asaiwale, Juni ndi Julayi wa kuno amaluma.

Tsono za chiyankhulo, apa ndi pamene ambiri amapunthwa. M'kalasi ndi Chingerezi, koma ubwenzi umamangidwa m'Chishona, ndipo kufanana kwake ndi Chichewa n'komwe kumanyenga. Mnzake akamuuza kuti "unogona" asakwiye ngati akumunena ulesi, akumuyamikira kuti ndi katswiri. Kugona kwathu iwo amati "kurara". Akamva munthu akupempha "mvura" dzuwa lili phwee, akufuna madzi akumwa. "Mwoyo" kwa iwo ndi mtima. Sadza yokha ndiyo sidzamusokoneza, ndi nsima yomweyo.

Moni aphunzire sabata yoyamba. M'mawa amati "mamuka sei?", woyankha n'kuti "ndamuka kana mamukawo", ndiye kuti ndadzuka ngati inunso mwadzuka. Mumuonetse kuomba m'manja polandira chakudya kwa akuluakulu: amuna manja amawalunjikitsa, akazi amawapingasa. Akafunsidwa "mutupo" wake, atchule mfunda wake, kaya ndi Phiri kaya Banda, chifukwa apa ndi pomwe chibale chimayambira.

Mwina adzamva mawu akuti "mabhurandaya", ochokera ku dzina la Blantyre, omwe ena amanyozera nawo ana a makolo amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Asachite nawo manyazi. Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko a 2013, ndipo sukulu yakeyo poyamba inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Lamulungu lina mupite naye ku Mabvuku kapena ku Tafara, akamve Chichewa cha agogo obadwira konkuno.